Kuchepetsa nkhupakupa pa ng'ombe ndi ombwe, nimu ndi zomera zina

Nkhupakupa zimene mukuziona zitakakamira pa ng'ombe ndi zochepa poyerekeza ndi zimene zili pansi. Zambiri zili mu udzu, m'ming'alu ya mitengo ya khola ndi pansi pa zinyalala, zina zikadali mazira, zina zakwera kale pansonga za udzu kudikira kuti chiweto chidutse. Yaikazi imodzi ikakhuta magazi n'kugwa pansi imaikira mazira masauzande angapo. N'chifukwa chake palibe mankhwala, ogula kapena a masamba, amene amathetsa vutoli mukangopopera kamodzi n'kuiwalako.

Mankhwala a zomera amathandiza ndithu. Zina zili ndi poizoni wopha nkhupakupa, zina zimazipirikitsa ndi fungo, zina zimachititsa kuti mazira ake asaswe. Mungathe kudzala nokha, ndipo zimakupatsani pothawira kumene nkhupakupa zasiya kumva mankhwala a dibi monga amitraz ndi cypermethrin. Koma mankhwalawa ali ndi zofooka ziwiri zimene muyenera kuzidziwa musanathyole tsamba ndi limodzi lomwe: mphamvu yake imasiyana chitsamba ndi chitsamba, ndiponso imatha msanga ikakumana ndi dzuwa. Choncho ntchitoyi imafuna sikelo, imafuna kuyesa, imafunanso kubwereza sabata ndi sabata. Amene amangothyola masamba ochepa, n'kuwaviika m'madzi osayeza, n'kuwaza pamsana pa ng'ombe, ndi omwe pambuyo pake amati masamba sagwira ntchito.

Choyamba: dziwani nkhupakupa zimene muli nazo

Mangani ng'ombe kapena ilowetseni mumpanda wopanikizira, muiyang'ane kuyambira kumutu mpaka kumchira. Malo amene nkhupakupa yakhala amakuuzani zambiri za mtundu wake.

Zofiirira zazing'ono zimene zimadzazana m'makutu, m'munsi mwa nyanga ndi mozungulira maso ndi za mtundu wa Rhipicephalus appendiculatus. Izi ndi zimene zimafalitsa East Coast fever, matenda amene ambiri amati chigodola, kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa. Pa moyo wake nkhupakupa imeneyi imakwera chiweto katatu, ndipo ulendo uliwonse imayamwa kwa sabata imodzi kapena kucheperapo n'kugwa. Mukamadumphitsa masabata awiri osapopera, zambiri zimabwera, kuyamwa, kusiya matenda n'kuchoka musanakumane nazo.

Zimene zimaoneka zotuwa mwabuluu zikakhuta, zopezeka pakhosi, pamapewa, m'nthiti ndi pachikopa cholendewera pansi pa khosi, khalidwe lake ndi lina. Zikakwera zikadali tiana zimakhala pa ng'ombe yomweyo pafupifupi masabata atatu mpaka kukula. Zimafalitsa matenda okodzetsa magazi ndi matenda a ndulu. Popeza zimakhalitsa pathupi, mankhwala amazipeza mosavuta, ngakhale ndi zomwezinso zimene zimafulumira kuzolowera mankhwala ogula.

Zazikulu zamawangamawanga, za mtundu wa Amblyomma, zimakonda kumimba, m'khwapa, pabere ndi kumaliseche a nkhunzi. Kukamwa kwake n'kwakutali, kotero zimasiya zilonda zakuya zimene ntchentche zimaikiramo mphutsi, ndipo zimatha kuwonongeratu nsonga ya bere. Zimafalitsanso matenda odzaza madzi mozungulira mtima, aja ng'ombe imayenda mozungulirazungulira kenako n'kugwa ikupalasa miyendo. Pansi pa mchira mupezanso za miyendo ya mizeremizere, za mtundu wa Hyalomma. Izi zimatha kupatsira munthu matenda oopsa a Crimean-Congo, choncho musamaphwanye nkhupakupa ndi zala. Mukazichotsa, ziponyeni pamoto kapena m'chitini cha parafini.

Chachiwiri: werengani musanapopere

Sitepe iyi ambiri amaidumpha, koma popanda iyo simungadziwe ngati mankhwala anu akugwira. Sankhani ng'ombe zitatu kapena zisanu zimene muzidzaziwerenga nthawi zonse. Pa iliyonse werengani mbali imodzi yokha, kumanzere kapena kumanja, nkhupakupa zazikazi zimene zayamba kufufuma, za mamilimita 4.5 mpaka 8, kenako chulukitsani kawiri. Za m'makutu ndi za pansi pa mchira zilembeni padera. Lembani tsiku ndi chiwerengero m'kope.

Mukachita izi kangapo muona kuti ng'ombe zochepa m'khola ndi zimene zimasenza nkhupakupa zambiri, pamene zina zimangokhala ndi zowerengeka. Zosenzazo ndi zofunika kuziyang'anitsitsa, ndipo posankha nkhunzi kapena ng'ombe zoti zibereke, kumbukirani zimene kope lanu likunena, chifukwa kupirira nkhupakupa kumayenda m'magazi.

Chachitatu: sankhani chomera

Ombwe, dzina lake la sayansi Tephrosia vogelii, ndi umene uli patsogolo. Ndi chitsamba cha m'gulu la nyemba chotalika mamita awiri kapena atatu, masamba ndi zikhokhombe zake zili ndi ubweya wofewa, maluwa ake oyera kapena ofiirira. M'masamba ake muli poizoni wa gulu la rotenone, makamaka deguelin ndi tephrosin, amene amalepheretsa tizilombo kupeza mphamvu m'thupi mpaka kufa. Ng'ombe sizikonda kuudya, ndipo umawonjezera chonde m'nthaka, kotero ndi wabwino kuudzala m'malire a munda. Musaudzale pamene mukufuna kudzalima tomato kapena fodya, chifukwa mizu yake imasunga tinyongolotsi totupitsa mizu ya mbewu zimenezi.

Chovuta cha ombwe n'chakuti ulipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe. Wina uli ndi poizoni uja, wina ulibe, ndipo ndi maso simungasiyanitse. Palinso m'bale wake, Tephrosia candida, amene amadzalidwa kuti abwezeretse chonde koma sapha tizilombo mokwanira. Ngati mnansi wanu akuti ombwe unamuthandiza pamene wina akuti ndi madzi chabe, onse awiri angakhale akunena zoona. Pezani mbewu kwa mlimi amene ombwe wake waonetsa kale mphamvu, komabe muuyese nokha monga ndafotokozera kutsogoloku.

Nimu amagwira ntchito mwa njira ina. Mphamvu yake, azadirachtin, yachuluka m'njere, m'masamba ndi yochepa kwambiri. Sapha nkhupakupa pomwepo. Amazilepheretsa kuyamwa bwino, amasokoneza kufundula kwa tiana, amachepetsa mazira amene yaikazi imaikira ndi amene amaswa. Wofuna kuona nkhupakupa zikuyoyoka tsiku lomwelo amakhumudwa naye, koma phindu lake limaoneka pakapita masabata, zikamachepa m'khola ndi kubusa. Samalani kuti musasokoneze nimu ndi mtengo wa indiya, Melia azedarach. Nimu ali ndi maluwa oyera ndi zipatso zotalikirako. Indiya ali ndi maluwa ofiirira ndi zipatso zobulungira zimene zimakhalitsa mumtengo zitauma, ndipo ndi poizoni kwa ana, nkhumba ndi ziweto zina zikadyedwa.

Chachitatu chake ndi Lippia javanica, chitsamba cha fungo lamphamvu longa la mandimu chimene chimamera chokha m'madera ambiri a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Ofufuza a ku University of Zimbabwe anafalitsa mu 2011 zotsatira zosonyeza kuti madzi a masamba ake, akamapoperedwa sabata iliyonse, amachepetsa nkhupakupa pa ng'ombe. Kumene chitsambachi chili chambiri, n'chothandiza kusinthanitsa ndi ombwe.

Pali zina zimene anthu amagwiritsa ntchito koma ine sindingakulimbikitseni. Madzi a fodya amaphadi nkhupakupa, koma nikotini amalowa pakhungu la ng'ombe ndi la munthu wopopera, ndipo mulingo ukapyola pang'ono ng'ombe imanjenjemera, kuchucha dovu, mwinanso kufa. Utomoni wa nkhadze umawotcha khungu ndipo ukagwera m'diso umatha kuchititsa khungu. Masamba a Lantana amawononga chiwindi cha ng'ombe ikawadya. Zipatso za nthula nazo ndi poizoni kwa ziweto. Oyilo wakale wa galimoto si chomera, koma ndimutchule pompano popeza ena amamupaka pa ziweto: ali ndi zitsulo zapoizoni zimene zimalowa m'thupi, musamuyandikize ng'ombe.

Chachinayi: kukolola ndi kusunga

Ombwe mungayambe kuuthyola pakapita miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi chidzalireni. Thyolani masamba okhwima, musiye ena kuti chitsamba chiphukirenso. Yanikani pamthunzi pamalo opita mphepo, mopyapyala, n'kumatembenuza. Padzuwa ayi, chifukwa dzuwa limapha mphamvu imene mukuifunayo. Akauma mpaka kufumbutuka m'manja, sinjani, sefani, sungani ufawo m'thumba kapena m'chigubu chotseka bwino, pamalo a mdima ndi ouma. Posinja phimbani mphuno ndi pakamwa, chifukwa fumbi la ombwe ndi loipa kulipuma kuposa kuligwira. Mtondo ndi sefa zikhale zapadera, zosakhudzanso chakudya.

Za nimu tolani zipatso zakupsa zachikasu. Chotsani mnofu wake, tsukani njere, ziumitseni bwinobwino, ndipo zisungeni ndi makoko ake m'thumba lopita mpweya, osati la pulasitiki. Njere zonyowa zimachita chuku, ndipo zachuku n'zotaya. Makoko muzichotsa tsiku limene mukufuna kusinja.

Apa muwerengeretu kuchuluka kwa zimene mukufuna, chifukwa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Ng'ombe yaikulu imodzi imafuna malita osachepera 5 kuti inyowe thupi lonse. Ng'ombe zinayi ndi malita 20, kutanthauza makilogalamu 2 a ufa wa ombwe pa ulendo umodzi, makilogalamu 8 pa mwezi ngati mukupopera sabata iliyonse. Masamba akauma amapepuka kwambiri, kotero zitsamba ziwiri za kuseri kwa khola sizingakwane. Dzalani mzere wautali, ndipo muumitse ambiri mvula isanayambe.

Chachisanu: kusakaniza

Konzani madzulo kuti mudzapopere tsiku lotsatira. Pa ombwe kapena Lippia, ikani kilogalamu imodzi ya ufa m'malita 10 a madzi oyera ozizira. Ngati mukugwiritsa ntchito masamba aawisi, sinjani makilogalamu 2 mpaka atatibuka bwino, muwaike m'malita 10 omwewo. Thirani masipuni aakulu awiri kapena atatu a sopo wamadzi, kapena sopo wa mtanda wopala n'kusungunula. Sopoyo alowe pa nthawi yoviika, osati pomaliza. Poizoni wa ombwe sasungunuka bwino m'madzi okha, ndiye sopo amamukoka kuchoka m'masamba, komanso amathandiza madziwo kulowa mu ubweya ndi kumamatira pa chikopa cha nkhupakupa chimene chili ndi phula. Takasani, vindikirani ndowa, isiyeni pamthunzi usiku wonse.

Pa nimu, sinjani magalamu 500 mpaka kilogalamu imodzi ya njere zochotsa makoko, mangani m'nsalu, viikani m'malita 10 a madzi a sopo usiku wonse, m'mawa finyani nsaluyo mpaka madzi achite mbuu. Musawiritse. Kutentha kumawononga azadirachtin, ndipo chizolowezi choti mankhwala a zitsamba amafuna kuphika sichigwira pano.

Mafuta a nimu ndi abwino popaka m'malo obisika. Sinjani njere mpaka zisalale, donthezani madzi pang'ono, kandani ndi manja kwa nthawi mpaka mafuta ayambe kutuluka, finyani. Kilogalamu imodzi imatulutsa mamililita 100 mpaka 150. Ndi ochepa, choncho asungireni makutu, pansi pa mchira ndi pakati pa ziboda.

M'mawa sefani kawiri, koyamba pa thumba, kachiwiri pa nsalu yothina, apo ayi kabowo ka sipuleya kazitsekeka mphindi iliyonse. Musawonjezere madzi pofuna kuti akwanire ng'ombe zonse. Musasakanize ndi mankhwala ogula. Gwiritsani ntchito tsiku lomwelo, chifukwa akagona masiku awiri amayamba kuwira ndi kufooka.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani mphamvu yake m'botolo

Nthawi yoyamba, ndiponso nthawi iliyonse imene mwasintha kumene mumatenga masamba, chitani mayeso awa. Safuna chipangizo chilichonse chapadera, ndipo ndi okhawo amene angakuuzeni ngati ombwe wanu uli wamphamvu kapena wopanda kanthu.

M'mamawa tolani nkhupakupa zazikazi 20 zokhuta kwambiri, zotsala pang'ono kugwa. Zabuluu zija ndi zosavuta kupeza. Zichotseni mosamala mutavala magolovesi kuti zisaphulike. Zigaweni pawiri, khumi uku khumi uku, zofanana kukula. Gulu loyamba liviikeni m'mankhwala anu kwa mphindi 5. Lachiwiri liviikeni m'madzi a sopo okha, sopo wofanana ndi amene munaika m'mankhwala, kwa mphindi 5 zomwezo. Ziumitseni pa pepala, ikani gulu lililonse m'botolo lakelake muli kathonje konyowa pang'ono, tsekani pakamwa pa botolo ndi nsalu yomanga bwino, lembani chizindikiro, sungani pamthunzi.

Sabata isanathe, za m'madzi a sopo ziyamba kuikira timazira tofiirira tounjikana. Pakatha masabata awiri yerekezani. Ngati za m'mankhwala zambiri zafa, zada, kapena zaikira timazira tochepa touma, muli ndi chida chodalirika. Ngati mabotolo onse awiri adzaza mazira mofanana, masamba anu alibe mphamvu, ndipo kuwonjezera mulingo sikungathandize ombwe wa mtundu wopanda poizoni uja; funani mbewu ina. Pa nimu dikirani mpaka masabata anayi kapena asanu, chifukwa kusiyana kwake kumaonekera pa kuswa kwa mazira. Mukamaliza, thirani madzi owira m'mabotolo onse.

Yesaninso pa ng'ombe imodzi. Pakani malo aakulu ngati chikhatho m'mbali mwa khosi, dikirani tsiku limodzi. Pakapanda kutupa, kufiira kapena kukanda kosalekeza, pitirizani ndi khola lonse.

Chachisanu ndi chiwiri: kupopera

Nthawi yabwino ndi madzulo dzuwa litapendeka, kuti mankhwala agwire ntchito usiku wonse dzuwa lisanawaononge. Kukakhala kuti mvula ili pafupi, dikirani. Mwetsani ng'ombe madzi kaye kuti zisanyambite mankhwala chifukwa cha ludzu. Zamkaka zikameni kaye.

Valani magolovesi, majombo, zovala za manja aatali ndi chophimba mphuno ndi pakamwa, ndipo muime kumene mphepo ikuchokera. Zoti ndi masamba zisakupusitseni. Rotenone ndi poizoni weniweni, ndipo kafukufuku pa anthu ogwira ntchito m'minda wasonyeza kuti okhudzana naye kawirikawiri amapezeka kwambiri ndi matenda onjenjemeretsa a Parkinson. Ana ndi amayi oyembekezera asagwire ntchito imeneyi.

Yambirani kumbuyo ndi pansi, muzikwera m'mwamba ndi kutsogolo, mukulozetsa madzi mosemphana ndi kumene ubweya wagonera kuti afike pakhungu. Miyendo yakumbuyo kaye, pakati pa ziboda, mkati mwa ntchafu, mozungulira bere kapena maliseche. Kwezani mchira mupopere pansi pake, ndipo nsonga yake ya ubweya iviikeni m'ndowa. Pitani kumimba, m'khwapa, miyendo yakutsogolo, pachifuwa, chikopa cholendewera cha pakhosi mbali zonse ziwiri, nthiti, msana, kenako khosi. Mutu ukhale womaliza, chifukwa ng'ombe ikanyowa kumaso imayamba kulimbana nanu ndipo zotsalazo muzichita mothamanga.

Makutu musawadalire sipuleya. Tengani kansalu kapena kaburashi, viikani m'mankhwala kapena m'mafuta a nimu, pakani mkati mwa khutu ndi m'mphepete mwake, m'munsi mwa nyanga ndi mozungulira zikope, osalowetsa m'diso ndiponso osathira madzi kubowo la khutu. Kumene kuli chigodola, mphindi ziwiri zimene mumathera pa makutu n'zofunika kuposa madzi onse amene mwathira pamsana. Ngati mulibe sipuleya, sambitsani ng'ombe yonse ndi nsalu, motsata ndondomeko yomweyi. Zimatenga nthawi koma zimanyowetsa bwino kuposa keni yothirira, imene imangotsitsa madzi pamwamba pa ubweya, kumimba kuli kouma.

Matole aang'ono musawanyowetse thupi lonse. Apakeni ndi nsalu pamene pali nkhupakupa pokha, ndipo musawalole kuyamwa mpaka mutatsuka bere la make. Pa zilonda zotseguka musathirepo. Nsonga za mawere zipeweni, ndipo musanakamenso tsukani bere ndi madzi oyera n'kulipukuta. Mankhwalawa ndi opaka kunja basi, osamwetsa. Mukamaliza, ng'ombe ziime pamthunzi mpaka ziume.

Tsopano zotsalira. Ombwe umapha nsomba ngakhale utasungunuka kwambiri, ndipo nkhumba nazo sizichedwa kudwala nawo. Musapopere pafupi ndi mtsinje, dziwe kapena chitsime, musatsukire ndowa ndi sipuleya kumeneko, ndipo ng'ombe zopoperedwa kumene zisawoloke kapena kulowa m'madzi. Zikamba za masamba ndi madzi otsukira zikwirireni m'dzenje kumene nkhumba sizifika. Sambani ndi sopo, chapani zovala.

Chachisanu ndi chitatu: kangati, ndipo mudziwa bwanji kuti zikuyenda

M'nyengo ya mvula, pamene nkhupakupa zazikulu zimachuluka, poperani masiku 7 alionse. Kumene kuli za m'makutu zambiri, onjezerani kupaka makutu ndi pansi pa mchira pakati pa sabata. M'chilimwe mungatalikitse mpaka masabata awiri, malinga ndi zimene kope likuonetsa. Mvula yaikulu ikagwa ng'ombe zisanaume, bwerezani. Yambani mvula yoyamba isanagwe, zikadali zochepa, chifukwa yaikazi iliyonse imene yafa isanaikire kumayambiriro kwa nyengo yachotsa masauzande a tiana ta miyezi yotsatira.

Werengani pakapita masiku awiri kapena atatu mutapopera, ndiponso tsiku lopoperanso musanayambe. Musadabwe kupeza zina zikadali pathupi. Nkhupakupa yakufa imatha kukhala yokakamira masiku angapo, koma imakhala yofota, youma, ndipo mukaikhudza miyendo siigwedera. Chimene mukufuna kuona n'chakuti zofufuma zikuchepa ulendo ndi ulendo. Mukapopera katatu kapena kanayi chiwerengero osatsika, fufuzani zinthu zitatu motsatana: ngati mukunyowetsa mokwanira, ngati mulingo uli wolondola, ngati ufa wanu sunakalambe kapena kukhala padzuwa. Zonsezo zikakhala bwino koma nkhupakupa zikuchulukabe, bwererani ku mankhwala ogula kwa kanthawi mothandizidwa ndi mlangizi wa ziweto. Alimi ambiri zimawayendera akamagwiritsa ntchito masamba miyezi imene nkhupakupa zili zochepa, n'kusunga mankhwala ogula kuti agwire pachimake pa mvula. Potero amagula ochepa, ndipo nkhupakupa zimachedwa kuwazolowera.

Cholinga si chakuti pasapezeke nkhupakupa ndi imodzi yomwe. Ng'ombe zamakolo zikalumidwa ndi zochepa zikadali matole, thupi lake limaphunzira kulimbana ndi matenda okodzetsa magazi ndi a ndulu, ndipo chitetezocho chimapitirira zikamalumidwabe mwa apo ndi apo. Khola limene layeretsedwa kotheratu kwa zaka, tsiku limene kupopera kwadukiza, ng'ombe zazikulu zimadwala kwambiri. Izi sizikhudza ng'ombe zamkaka za mitundu yakunja monga Friesian ndi Jersey, zimene nkhupakupa zochepa chabe za m'makutu zingazigwetse. Pa zimenezi masamba akhale ongothandizira, chitetezo chenicheni chikhale katemera, khola lotchinga ndi ndondomeko ya dokotala wa ziweto.

Khola ndi busa

Popeza zambiri zili pansi, chepetsaniko komweko. Dulani udzu wautali mozungulira khola, chotsani milu ya zinyalala, poperani mankhwala otsala pa mitengo ya khola ndi m'ming'alu. Nkhuku zisiyeni zilowe m'khola m'mawa ng'ombe zisanatuluke, zimatola zogwa pansi ngakhalenso zapathupi ng'ombe ikagona. Tsiku lopopera lokha zitsekereni. Ngati malo alipo, gawani busa kuti gawo lina lizipuma miyezi ingapo, chifukwa tiana ta nkhupakupa zabuluu tikasowa chiweto timafa ndi njala, ngakhale za m'makutu ndi zamawangamawanga zimapirira nthawi yaitali kuposa pamenepo. Udzu wa Melinis minutiflora ndi mbewu ya msipu ya Stylosanthes zili ndi ubweya womata umene umalepheretsa tiana kukwera. Udzu womwetera ng'ombe za m'khola umabweretsanso nkhupakupa, makamaka womweta kumene ziweto zina zimadya, choncho uyanikeni kaye. Ng'ombe yogula kumene ikhale payokha masabata atatu, muipopere kangapo isanasakanikirane ndi zinzake. Mbuzi, nkhosa ndi agalu nazo zimanyamula zina mwa nkhupakupa zomwezi.

Ng'ombe ikadwala

Masamba amalimbana ndi nkhupakupa, sachiza matenda amene nkhupakupa yasiya kale m'magazi. Khalani ndi choyezera kutentha kwa thupi. Ng'ombe yabwinobwino imakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39, ndipo ikapyola 39.5 m'mawa kukadali kozizira, pali vuto. Tsiku lililonse lopopera papasani m'munsi mwa khutu ndi kutsogolo kwa phewa. Mwanabere wotupa pamenepo, pamodzi ndi kutentha thupi, ndi chizindikiro choyamba cha chigodola, ndipo chimaoneka pakapita sabata imodzi kapena awiri ng'ombe italumidwa. Kutsokomola, kupuma movutikira ndi thovu m'mphuno zimabwera mochedwa, mapapo atadzaza kale madzi. Mkodzo wofiira kapena wakuda ukuloza ku matenda okodzetsa magazi. Nkhama ndi mkati mwa zikope zoyera kapena zachikasu, ndowe zouma ndi kuwonda msanga zikuloza ku matenda a ndulu. Kuphethira kosalekeza, kukweza miyendo poyenda ndi kuzungulira ndi za matenda a madzi kumtima aja.

Matenda onsewa ali ndi mankhwala ake obaya: buparvaquone pa chigodola, diminazene kapena imidocarb pa okodzetsa magazi, oxytetracycline pa a ndulu ndi a madzi kumtima. Mulingo umatengera kulemera kwa ng'ombe, ndipo kupyoletsa diminazene kapena imidocarb n'koopsa, choncho abaye ndi dokotala kapena mlangizi wa ziweto, amenenso adzakuuzani masiku oti musamwe mkaka kapena kupha ng'ombeyo. Muitaneni tsiku limene mwaona kutentha thupi, chifukwa buparvaquone amapulumutsa ng'ombe zambiri akabayidwa m'masiku oyambirira, koma thovu likayamba kutuluka mwayi umakhala wochepa. Mufunseninso za katemera wa chigodola, monga wa Muguga cocktail, amene amabayidwa kamodzi pamodzi ndi oxytetracycline wokhalitsa m'thupi, makamaka kwa matole. Akabwera muonetseni kope lanu la chiwerengero, mumuuze chomera chimene mwakhala mukupopera, mulingo wake ndi tsiku limene munapopera komaliza.